Chitenge cha amayi pa siteji

Loweruka, Matero. Ndatopa, koma mtima uli m'malo.

Lero tatseka masewero akale aja amene gulu lathu lakhala likuonetsa mu holo kuyambira nyengo yozizira. M'sewero lomaliza ndine mwana wa mfumu. Mnzanga Mabvuto amandibaya, ndimafa, kenako amandifunditsa nsalu yoyera. Amayi atamva zimenezi anakaniratu kudzaonera. Akuti nsalu yoyera pa munthu wamoyo ndi kuitana maliro.

Masana ndikuvala kuseri kwa katani, ndinangoona amayi alowa, thukuta lili kamukamu kuchokera kumsika. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Analunjika kwa ba Zulu, otitsogolera. "Ba Zulu, mwana wanga simuzamufunditsa choyera nili moyo. Tengani ichi." Anamasula chitenge chapamwamba, cha maluwa ofiira chija amavala pokazinga vitumbuwa.

Ba Zulu, munthu wokalipa ngakhale mpando ukangosuntha pang'ono, analandira ndi manja awiri. Mulungu awadalitse.

Ndiye lero ndafera m'chitenge cha amayi. Chimamveka fungo la mafuta ndi utsi wa mbaula. Holo yonse inali zii, ine mkatimo ndikulimbana ndi misozi, poti mtembo sulira.

Mu minibasi pobwerera, amayi, amene anatsala n'kuonera sewero lonse, sanayamikire chilichonse. Anangogwira dzanja langa n'kumalifinya, ngati akufuna kutsimikiza kuti likutentha. Titatsika m'pamene anafunsa: "Uja anakupaya, ni mwana wa bandani?"

Mawa ndimuuze Mabvuto asadutsire kumsika mpaka…