Masamba a Mwavi

Lachinayi, Disembala. Tsiku lowawa.

Mbuzi ya malemu mkazi wanga yafa masana ano. Inali yokhayo yotsala, ndipo inali ndi bere. Nditaiona ikuchita thovu kukamwa, ndinathamangira kwa a Zuze, oyandikana nawo nyumba, n'kuwalalatira pamaso pa ana awo kuti aidyetsa mankhwala a makoswe chifukwa inawadyera nsawa chaka chatha.

Sanandibwezere. Anabwera kukhola n'kutola nthambi zimene ndinathyola kumtsinje m'mawa, poti chimanga chamera ndipo ziweto zili pachingwe.

"Achimwene, uwu ndi mwavi," anatero. "Mthethe umadziteteza ndi minga, koma uwu umabisa chiphe m'masamba. Mbuzi yoyenda yokha imanunkhiza n'kupitirira. Yomangidwa imadya zimene mwaipatsa."

M'mawa muja ndinachita kusankha masamba anthete kuti ikhute. Ndinaima pomwepo ndikuiuza kuti, "Idya, mayi."

A Zuze andithandiza kukumba dzenje, chifukwa nyama yakeyo ngakhale galu sungamupatse. Pochoka anandigwira paphewa. Ine amene ndimadzitama kuti sindibisa mawu, ndinawasiya apite osawapepesa. Mawa ndiyenera kupita kwawo, koma ana aja akakandiyang'ana...