Amayi Ako Anakuonera pa Kanema

Wokondedwa msuweni Esau,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko. Kuno ku Mitundu fodya tayamba kuthyola.

Loweruka tinakuona pa TV ya kugolosale, pa mwambo wopereka mphoto kwa oyimba uja. Amayi ako ndinawakweza panjinga atavala chitenje chatsopano, ndipo anthu anawapatsa mpando wakutsogolo. Suti ija inakukhala, zoona. Koma unatulukira utameta mpala ngati namfedwa, n'kuyamba kuyimba kuti ndiwe wamasiye, mayi unaika kale m'manda. Mpaka misozi, Esau! A m'holomo anaimirira kukuwombera m'manja.  Kugolosale kuno amayi akowo anandikoka malaya n'kufunsa kuti, "Patisoni, kodi ineyo ndinamwalira liti?"

Chikho anakupatsa chija usunge bwino, unachivutikira.

Chichokereni tsikulo amayi ako sakudya, ndipo dzulo kuchipatala adokotala anandiitanira pambali. Zimene anandiuza sindilemba muno. Koma usavutike n'kukwera minibasi, msuweni. Kulira unalira kale dziko lonse likuona, kumeta unameta kale. Chatsala n'kukumba basi, ndipo okumba manda kuno alipo.

Ndine amene amawapititsa kuchipatala,
Patisoni