Chitsulo cha Atate pa Mlombwa

Aphungu,

Mwaswera bwanji? Ine mtima sukukhazikika. Tikumanga nyumba kuno ku Msoro, pamunda umene anandisiyira atate anga, omwe anamwalira mu 1993. Zipupa zatha, malata takhoma, kwatsala zitseko ndi siling'i. Amuna anga, a Paskale, akufuna kugwetsa mlombwa wa kumapeto kwa munda kuti achekeremo matabwa.

Pamtengo umenewo atate anapachikapo chitsulo cha pulawo chimene ankamenya pothamangitsa njovu. Waya wake analowa kale m'khungwa. Mphepo ikamawomba, chimagunda mtengowo n'kulira pang'ono, ine n'kuimika khasu, ngati ndimva atate akuitana kuti, "Ennie, madzi akumwa aja ali kuti?" Chithunzi chawo ndilibe. Manda awo ali kutali, kumudzi ku Katete kumene tinachokera.

Ndinatchulako zoti m'malo modula mtengowo tigule pulaiwudi, matabwa opyapyala a kufakitale amene ndinaona ku Chipata. A Paskale anangoseka, amvekere, "Amake Juliet, makatoni aja? Simunaone chitseko cha pulaiwudi cha aneba athu a Wiseman mmene chinafufumira ngati chitumbuwa mvula itagwa?" Ocheka matabwa abwera tikangomaliza kutola thonje. Nditani?

E. B., Msoro

Mayi E. B.,

Amuna anu asakupsetseni mtima, anena zimene anaona. Chitseko cha a Wisemancho sindinachione, koma ndikuganiza kuti chinkakhudza pansi, ndipo m'mphepete mwake simunapakidwe kanthu.

Pulaiwudi si katoni. Ndi mtengo weniweni, wosendedwa mopyapyala n'kumatidwa mopingasana, n'chifukwa chake sapindika wamba, ndipo chipika chimodzi chimakuta malo aakulu kuposa chikadachekedwa matabwa. Adani ake ndi chiswe ndi madzi olowera m'mbali.

Ku Chipatako funsani wa panja, womatidwa ndi guluu wosasungunuka ndi madzi. Mupake penti mbali zonse, ngakhale kunsi kumene diso silifika. Chitseko chisakhudze simenti, khonde likhale lotambalala, mafelemu apakidwe mankhwala a chiswe. Mupemphenso tizidutswa tiwiri, kena mukapake penti, kena ayi, n'kutiviika m'ndowa ya madzi. Mawu anu asachuluke, a Paskale aone okha.

Koma mayi, ine mwandiuza za atate anu, amuna anu mwangowauza za pulaiwudi. Iwo akuyesa kuti mukukangana za matabwa basi. Tsiku lamphepo muwatenge mukaime nawo pansi pa mtengowo, chitsulo chilire, muwauze amene mumamumva. Munthu amene anavomera kumanga pamunda wa apongozi ake sangalephere kumvetsa zimenezi.

Chenjezo langa n'lakuti musadikire kuti ocheka afike ndi macheka paphewa, chifukwa pamaso pa amuna anzawo a Paskale adzachita manyazi kubwerera m'mbuyo. Lankhulani thonje likadali m'munda. Chitseko chikafufuma mudzakhoma china, koma mlombwa ukagwa palibe guluu amene angaudzutse.

Aphungu