Mabatire a bambo a Asiyatu

Lachinayi, pa Neno boma. Kunali fumbi tsiku lonse, koma ndaseka.

Wailesi yomveka bwino pamsika pano ndi ya amuna anga basi, ndiye masana anthu amadzaza pakhonde la golosale yathu kudzamvera zachisankho. Akamalankhula mtsogoleri wa chipani chawo, amuna angawo amakweza mpaka ogulitsa tomato amamva. Akangoyamba wa chipani chinacho, dzanja limapita pawailesi, mawu n'kuzilala. "Mabatire atha," amatero, nkhope yachisoni ngati zoona.

Lero mawu a wa chipani chinacho atazilalanso, a Mbewe, mlimi wa ku Dambe, anapukusa mutu. "Munthu ameneyu alibe mfundo eti? Ngakhale wailesi ikutopa naye." Anthu anavomereza. Zinandiwawa, chifukwa a Mbewe sanamumvepo munthuyo n'kamodzi komwe.

Ndinalowa m'nyumba, n'kuchotsa mabatire mutochi, n'kudzawaika pakauntala. "Bambo a Asiyatu, awa ndi amoyo." Anandiyang'ana, ndevu zikunjenjemera pobisa kuseka. Ndinawauza chapansipansi: "Zaka zonse zija za chipani chimodzi tinkanong'onezana ngakhale m'nyumba mwathu momwe. Lero inu ndiye muziwasankhira anthu zoti amve?"

Anangokweza wailesi osasintha batire ndi limodzi lomwe, khonde lonse linafa ndi phwete. A Mbewe anamvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti akaganiza kaye.

Madzulo ano amuna anga andibwezera mabatire aja, n'kundifunsa mwaulemu, "Kodi inuyo mayi, muli mbali iti?" Ndawauza kuti nanenso mabatire atha. Akusekabe pakhondepo.