Nyama ndi Shati pa Chingwe Chimodzi

Amuna anga,

Ndanyamuka mukadali mtulo, anzanga amangoliza hutala pageti. Kuphiri komwe tikukagona kulibe firiji, ndiye ndakonza motere: zophika kale tidya lero, mazira owiritsa mawa, kenako mpunga ndi nyama youmitsa.

Vuto ndi nyamayo. Imauma pachingwe cha zovala, pomwe dzulo ndinayanikaponso shati yanu yoyera, ya ku intaviyu ya mawa ija. Mphepo yachita zake, kolala yonse ndi mafuta okhaokha. Pepani zedi! Ndainyika m'beseni, muichape dzuwa likadalipo. Ndakusiyirani nyama pang'ono m'kabati, yopepesera.

Fungo likakana kuchoka, valanibe. Mabwana akapanda kukusankhani, agalu apanjira ndiye sakukanani.

Mkazi wanu