Ndudu za Zubairu pa Intaneti

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Makina a fotokope ali zii, abwana sanabwere. Ndatsegula webusaiti ya Zubairu pa foni. Kudikira mpaka tiyi kuzizira. Itatseguka: mdima bii, zilembo zagolide, mzungu wa suti akusuta m'bwato. Brighton wa pa kafe ya intaneti, amene anaipanga, anamutola kuti mzungu ameneyu? Kwathu ku Ngokwe kuli bwato lotere?

Zubairu, mlongo wanga wamng'ono. Amakulunga ndudu zikuluzikulu za tsamba lokhalokha, zopanda pepala. Luso analitenga ku Mozambiki. Manja ali nawo, ogula ndiye palibe. Mawu ake dzulo: "Achemwali, mvula yodzalira ikagwa ogula asanapezeke, ine wa ku Joni." Achimwene a Hassani ananenanso chimodzimodzi. Chaka chachisanu chino, foni yawo siilira.

Sapita ameneyu. Webusaiti ndiikonza ndekha.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Mzungu ndamuchotsa pamodzi ndi bwato lake. Nyimbo yoyamba yokha ija ndachotsanso. Tsopano poyera, zithunzi zochepa zopepuka, mtengo poonekera, batani la Wotsapu lalikulu loti chala cha mlimi chisaphonye. Pakhomo funso lofunsa ngati munthu anakwana zaka 18. Ikutseguka msanga ngakhale netiweki ya ku Kalembo.

Brighton wakwiya. "Sakina, wachotsa kukongola konse." Kukongola kodya bandulo ya munthu asanaone n'komwe malonda.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndasaka pa Gugo ngati wogula. Ndudu za ku Kyuba, za ku Amerika, nkhani za okushoni, chipatala chothandiza kusiya fodya. Ife tili tsamba lachisanu ndi chiwiri, kumene ngakhale mbuzi yosochera siifika.

Ndinati ndilengeze molipira, a Gugo andikana. Malonda a fodya salola. Ndiye tikwere tokha, ndi mapazi.

Olowa sabata ino: ine, ine, Brighton, inenso.

Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Brighton ameneyo. Adekhe yekha, alibe mlongo amene akufunsa kale mtengo wa thiransipota wa ku Joni.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Kuti osaka atipeze pamafunika mawu ambiri athuathu, osati okopera kwa eni. Ndudu iliyonse ndifotokoze kakomedwe kake. Vuto ndi ili: ine sindisuta, Zubairu sasuta. Kwathu fodya timalima, pakamwa safika.

Anzathu akunja amalemba kuti ndudu zawo zikumveka khofi, chikopa, mtedza. Chikopa. Munthu n'kulipira.

Ndapatsa imodzi a Wadson, alonda a pa shopu pano. Akoka, atsokomola, akokanso. Ine cholembera m'manja. "Amayi, ndi yabwino, koma siikutha. Munthu wa ganyu angachotsedwe ntchito." Nditawapanikiza anati ikununkhira ngati chigafa mvula itangokhudza fumbi. Chimenecho ndalemba. Cha kusatha chija ndalembanso, koma mwaulemu.

Mutu ukuwawa. Utsi mpaka m'mpango.

Loweruka, 31 Ogasiti

Ku Ngokwe. Minibasi mpaka pa Liwonde, ina mpaka pa Ntaja, kenako kabaza wa njinga yamoto. Msana wathyoka.

Ndapita kukajambula kanema. Anthu amakhulupirira zimene aona, ndipo amakhalitsa pa tsamba pakakhala kanema. Zubairu kukana, manyazi ngati mkwatibwi. Tagwirizana kuti nkhope ayi, manja okha.

Sindinamuonepo bwino akugwira ntchito. Kuwaza timadzi pa tsamba, kusolola msempha wa pakati osang'amba, kusanja zam'kati, kukulunga kamodzi kokha n'kudula kumapeto. Osayang'ana n'komwe, uku akundifunsa za mitengo ya mafoni. Ndinaiwala kuti ndikujambula.

Amayi atakhala pa mkeka, akutionerera. Pondiperekeza ndi pomwe anati, "Iweyo ndiwe wa sukulu. Undigwirire mwanayu." Ndinati Inshallah.

Pa msika galimoto ya thiransipota, ngolo kumbuyo yodzaza matumba a nsomba ndi mpunga. Anyamata ataizungulira ngati ntchentche.

Lachinayi, 12 Seputembala

Kanema wakana kukwera katatu. Magetsi, kenako bandulo, kenako sindikudziwa. Kachinayi wakwera. Ndalemba nkhani ya wokulunga m'Chingerezi, dzina lake, mudzi, kumene fodya wake amachokera. Mutu wa tsamba ndasintha kuti uyambe ndi mawu amene anthu amasaka.

Malo ogona alendo a ku Liwonde avomera kuika linki yathu pa webusaiti yawo. Ndinawapempha mpaka kudzichepetsa. Atenga kabokosi kamodzi koyesa.

Tafika tsamba lachiwiri. Ndamuimbira Zubairu ndi chimwemwe. "Ndiye ogulawo ali pa tsamba liti?" Ndadula foni. Mwana wopanda chithokozo.

Lachinayi, 3 Okutobala

Kutentha kwa Balaka, laputopu ikulira ngati chigayo.

Tsamba loyamba. Pansi penipeni, koma loyamba. Ndatsitsimula kangapo kuopa kuti maso akundinamiza. Brighton wabwera kudzaona, akuti maziko anayala ndi iye. Ndamusiya.

Ogula: bambo wina wa ku Blantyre, kabokosi kamodzi. Wina wafunsa ngati timagulitsanso feteleza. Anthu akulowa, akuonera kanema mpaka kumapeto, akutuluka. Kodi akuyesa ndi kanema wa pa msika?

Kumadzulo mitambo yayamba kusonkhana. Sindikuikonda.

Lachitatu, 9 Okutobala

Uthenga pa imelo ya webusaiti. Ndimati oda yaikulu.

Munthu wa ku Joni, ali ndi sitolo ya ndudu. Waonera kanema kambirimbiri. Ndudu zathu sakuzifuna, akuti tsamba ali nalo labwino. Akufuna manjawo. Zubairu azikakulunga pamaso pa makasitomala. Malipiro a pamwezi, chipinda, tikiti ya basi, mapepala ogwirira ntchito adzamuthandiza.

Ndawerenga, ndatseka laputopu. Ndajambula mapepala a mayi wina mozondotsa, andikalipira.

Miyezi iwiri ya thukuta langa. Ine ndemwe ndawasonyeza pamene ali.

Lolemba, 14 Okutobala

Pasiwedi ndimaidziwa ndekha. Zubairu imelo saitsegula.

Waimba. "Pali wolemba?" Ndati palibe. Bodza latuluka mosavuta mpaka ndachita mantha.

Ndafufuza sitoloyo, mwina n'kukhala akuba. Ilipo, ili ndi adiresi, zithunzi, makasitomala oiyamikira. Webusaiti yawo yokongola kuposa yanga. Zandipsetsa mtima kwambiri.

Chala chinafika pa batani lofufutira. Sindinadine. Kuyankhanso sindinayankhe.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Mvula yagwa ku Ngokwe dzulo, yamphamvu. Anthu ayamba kudzala.

Zubairu wagulitsa njinga yake, wapereka kwa thiransipota. Anyamuka Loweruka. Alibe pasipoti, akuti pa malire amadziwa podutsa. Thiransipota wake ndi yemwe uja anatenga achimwene a Hassani.

Zubairu ndamukalipira, ndalira, ndamutchulira amayi. Iye akuti: "Achemwali, mwayesetsa. Ine ndadikira monga tinapanganira." Zoona, wadikira.

Wa ku Joni uja walembanso Lachisanu. Akufunsa ngati uthenga woyamba unafika.

Lachitatu, 30 Okutobala

Zubairu ndamuwerengera pa foni, mauthenga onse awiri, ndi madeti ake. Sindinabise. Kumbuyo kwake nkhuku zikulira. Za masabata atatuwo sanafunse. Bola akanandinyoza.

"Ayankheni inuyo, Chingerezi changa n'chothyoka."

Ndayankha. Ndachita kusankha mawu, kuti amuone ngati mmisiri, asamuyese wopempha. Abweza tisanafike masana. Akufuna nambala ya pasipoti.

Loweruka sakwera. Ndalama ya thiransipota yapita, sabweza. Lolemba ndipempha tchuthi, ndimuperekeze ku Blantyre akayambe za pasipoti.

Amayi akudziwa zoti sakwera Loweruka, basi. Anditumizira uthenga wa mawu, akundidalitsa, akuti andisungira nkhuku. Zoti ku Joni apitabe, Zubairu akuti ndikawauze ndine.