Nkhope Yanu pa Mtondo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Pakamwa paja padawongoka? Pa maliro anu ansembe adati kumwamba kulibe wolumala, ndiye ndimakuganizirani mukuseka bwinobwino monga kale, sitiroko isanakupotozeni milomo.

Kuno tilipo ndithu. Achemwali anga a Esitere adachira, mwana wamkazi, koma dzina lanu adakana kumupatsa, ati lingamulemere. Mukudziwa chimene amatanthauza. Aja ankanong'ona kuti ndinu mfiti chifukwa cha pakamwa popotoka ndi omwe adamaliza nyama pa maliro anu, ndipo mpaka lero amandipatsa moni wa manja awiri. Thonje lachita bwino chaka chino, koma mpunga wa kudimba udapita ndi madzi. Mbuzi yanu yopanda nyanga ija idagundidwa ndi minibasi pa Golomoti, kondakitala n'kutitukwana ife kuti yawaswera nyali.

Pogawa katundu wanu achemwali adatenga nyumba, munda ndi zitenje zonse. Ine, poti ndine mwamuna wa kuchikamwini, adandigubuduzira mtondo wanu wong'aluka uja nati, "Iwe wosema ziboliboli, tenga nkhunizi." Sindidakwiye. Chithunzi chanu chimodzi chija chidaonongeka ndi madzi osefukira, choncho ndidasema nkhope yanu m'mbali mwa mtondowo. Ndidakusemani monga mudaliri, mphini za patsaya, korona m'khosi, ndi pakamwa pomwepo osapawongola. Paja inu munkanena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Dzenje losinjiramo ndidalisiya, likhale ngati dengu lomwe mwasenza. Ndikaweramiramo, fungo la gaga linkamvekabe. Mudakhala pakona m'nyumba mwanga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakupatsani moni ndisanatenge sompho.

Kenaka kudamveka za chionetsero cha zaluso ku Lilongwe. Kumeneko sulowa chilowelowe ngati pamsika. Umatumiza zithunzi za ntchito yako pafoni, akuluakulu ena n'kukhala pansi kusankha oyenera. Ndidatumiza mvuu zanga, asodzi ndi zigoba za kumaso, inunso ndidakujambulani, kungofuna aone kuti dzanja ndili nalo. Yankho lidabwera loti mvuu aliyense amasema, chomwe chandilowetsa ndi mtondowo, ndipo ndikapanda kubwera nawo ndisavutike n'kubwera. Ndidanyada, amayi, kunama n'kulakwa. Ndidakukulungani m'bulangete, n'kukulipirirani mpando wanuwanu mu minibasi kuti asakuponyeni ku katundu pamodzi ndi matumba a usipa.

Malo ake ndi kapinga wobiriwira pakati pa chilimwe, matenti oyera ali ndandanda. Chikomekome cha mkuyu, munkatero, m'kati muli nyerere. Mayi wina mwa osankha aja, wa magalasi aakulu, adandifunsa kuti nkhopeyi ndi ya yani. Ine ndi pakamwa pangapa ndidamuuza zonse, kuti ndi amayi anga, kumudzi ankawanena ufiti, chonsecho ankaimba kwaya ndipo Misa sadajombepo. Adagwedeza mutu mwachifundo, n'kulemba kachikwangwani m'Chingerezi, n'kukaimika patsogolo panu. Paja sukulu ndidalekera m'njira, sindidafunse kuti walembapo chiyani.

Adatinso lamulo lawo ndi lakuti chilichonse choonetsedwa chikhale ndi mtengo, ndipo ogula amakalipira ku tebulo la eni chionetsero. Apa ndidadziona wochenjera. Pamsewu pathu pano ukafuna munthu asagule chinthu umangotchula mtengo wa ng'ombe, iye n'kuseka n'kumapita. Ine ndidatchula wa khola lonse. Sindidadziwe kuti kuli anthu osanenerera.

Dzuwa litakula ndidapita kumpopi kukamwa madzi. Pobwera ndidapeza pamphumi panu atamatapo kapepala kofiira kosonyeza kuti mwagulidwa. Bambo wina wamimba, Mmalawi mnzathu, ankakugogodani pamutu ndi makiyi a galimoto akuseka ndi anzake.

"Ndiwe wasema mfitiyi? Uli ndi dzanja, mphwanga!"

"Si mfiti, bwana. Ndi amayi anga."

"Nanga apa alemba chiyani? Mfiti ya m'mudzi. Taonani kamwa lakelo! Imeneyi ikandilondera bala yanga kunyanja, okana kulipira izikawatsata kutulo."

Ndidathamangira kwa mayi wa magalasi uja, ndidagwada pa kapinga anthu akuona. Ndidati abwezereni ndalama zawo, atenge mvuu zonse ulere. Iye adandiyankha mofatsa ngati nesi kuti chogulidwa chagulidwa, ndikabweza ndiye kuti ndanyozetsa chionetsero, ndipo chaka chamawa osema a kwathu kuno sadzawalandiranso. Anzanga a ku Mua amene tidapita nawo adandizungulira. "Fabiano, usatiphere msika chifukwa cha chipika." Ndidadzuka, mawondo ali obiriwira. Anyamata a bwanayo adakunyamulani chozondoka, ndipo bulangete lija ndidabwera nalo lopinda.

Mtima udandiwawa kuposa tsiku lomwe tidakuikani m'manda, chifukwa tsiku lija sindidalandirepo kanthu.

Achemwali atamva adabwera okha kunyumba, koyamba chichitikireni maliro. Adati mtondowo udali wa banja, ndiye gawo lawo liwapeze. Ndidawapatsa, ndalamazo zinkandiotcha m'thumba. Agula malata, nyumba yanu ija ikunyezimira moonekera kumsewu. Pochoka adati, "Mayi ako aja ayamba kuthandiza atafa." Ati mayi ako, ngati iwo adatuluka m'phanga la mlambe.

Loweruka lapitali ndidapalasa njinga kukakuonani. Bala ya bwana uja ili kumunsi kwa Golomoti, pamchenga penipeni. Akuimikani pakhomo, akuvekani ndi chipewa cha mlaza. Inu amene mowa simudaulawepo, oledzera amakusisitani patsaya polowa, ati mumapatsa mwayi. M'dengu lanu lija, momwe munkasinjamo mphale yotilera ife, amathiramo zotsalira za ndudu ndi zitsekerero za mabotolo, ena amalavuliramo. Ndidapisamo dzanja n'kuchotsa zonse, n'kupukuta ndi malaya anga. Ndidaweramiramo. Fungo la gaga mulibenso.

Mlonda adandipeza ndikadaweramira. Nditamufotokozera adati bwana wake sakonda anthu osagula kanthu, koma ndikamabwera m'mamawa alendo asanadzuke, iye aziyang'ana kumbali. Adaonjeza kuti bwanayo wakhala akundifunafuna, akufuna mfiti zina zoti aike m'zipinda za alendo.

Zimenezo sindisema, ngakhale ana agone ndi njala. Kukuwombolani sindingathe, amayi, ndisakunamizeni, mtengo uja ndidautchula ndekha. Chomwe ndikulonjeza n'chakuti Loweruka lililonse, njinga ikhale yabwino kapena yophwa, ndizidzafika m'mamawa ndi kansanza ndi madzi, kudzakutulani zimene akusenzetsani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fabiano